Funsani Aphunzitsi: Kodi ndiziloweza mawu ovuta a Chingerezi?

Funso: Aphunzitsi, ndili Fomu 4 ndipo ndikukonzekera mayeso a MSCE. Mnzanga amaloweza mawu khumi ovuta a Chingerezi tsiku lililonse kuchokera mu dikishonale. Kodi nanenso nditero kuti chimangirizo changa chizikoma?
Mtsikana wa ku Dedza

Yankho: Mwanawe, kuloweza mawu amene sunawaonepo m'chiganizo kuli ngati kugula nsapato osayesa. Chaka china ndikuchonga, mnyamata wina analemba kuti agogo ake ndi notorious chifukwa chothandiza ana amasiye. Ankafuna kuwatama, koma liwulo limanena munthu wotchuka ndi zoipa, ngati mbava ya m'mudzi. Renowned ndiye likanakhala bwino. Ndinaseka ndekha, malikisi n'kumuchotsera ndithu.

Mawu ambiri oterewa anachokera ku Chilatini, ndiye gwira mizu yake. Bene ndi zabwino, mal ndi zoipa. Ukadziwa zimenezo, benevolent, benefactor, malice ndi malevolent sangakuzunguzenso.

Ine mpaka lero ndimayenda ndi kakope m'thumba. Ndikapeza liwu lachilendo mu The Nation, ndimakopera chiganizo chonse kuti ndione anzake amene limayenda nawo. Taona frugal ndi stingy. Onsewa akukamba za kagwiridwe ka ndalama, koma frugal ndi mayi wosamala ndalama ya chigayo, pamene stingy ndi woumira uja amabisa shuga akaona alendo pakhomo.

Mawu atatu pa sabata akukwanira. Pofika Lachisanu uwalembe m'ziganizo zakozako, za kumunda kapena kumsika, aphunzitsi ako a Chingerezi akuonere.