Funsani Tikuyankheni: Boti lakale lokonzedwanso, mtengo wake ndi uti?

FUNSO: Zikomo akonzi. Bambo anga anamwalira chaka chatha nde anatisiira boti la matabwa lomwe ankaphera usipa ndi chilimira, ndi lakalekale ndithu. Ndinalikonzetsa, tasintha matabwa ena, tamata phula, penti yatsopano, injini ndi Yamaha 15 ikulira bwinobwino. Koma aliyense obwera kudzaliona akutchula ndalama yosafika olo pa zomwe ndinaononga pokonza. Mzanga akuti kunja maboti akale okonzedwa amadula kuposa atsopano. Ndidikire kaye kapena ndingogulitsa? Wowerenga, Monkey Bay

YANKHO: Pepani ndi zovutazo achimwene. Mzanuyo sakunama kwenikweni, ku Britain ndi ku America kuli anthu amagula maboti akale a matabwa chifukwa cha mbiri yake ndi maonekedwe basi, koma amenewo sadzabwera pa Msaka kapena pa Makawa. Kwathu kuno ogula boti amawerengera ndowa za usipa zomwe libweretse, ukale kwa iye ndi chifukwa chotsitsira mtengo. Nde ndalama ya penti ija muiwaleko, siibwera.

Msodzi weniweni akafika sayang'ana mitundu ayi, amagwada nkuyamba kubaya ndi kampeni pa thabwa la pansi ndi m'nthiti za boti, pomwe pali misomali ya dzimbiri, kampeni kakangolowa mofewa ndiye kuti nkhani yatha. Phula lambiri limamukayikitsanso, amaganiza kuti mwabisa chinachake. Inu musadikire afunse, likankhireni m'madzi ligone usiku onse, mammawa aone yekha madzi omwe alowa. Ndipo muuzeni mtundu wa matabwa omwe anakhomera, ngati ndi mlombwa nenani mokweza chifukwa mlombwa ukusowa masiku ano ndipo suwola msanga, koma ngati matabwa mwasinthawo ndi a paini, eee, musabise, adzadziwabe.

Ndalama yanu yeniyeni ili pa injiniyo. Kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu May 2022 kenako ndi 44 peresenti mu November 2023, injini zonse zimachokera kunja nde zatsopano zinakwera moti anthu ambiri akusaka zogwiritsidwa kale ntchito, makamaka Yamaha poti masipeya ake amapezeka ndipo makaniko aliyense wa kunyanja amaidziwa. Ine ndikanakhala inu ndikanatchula mitengo iwiri, wa boti pawokha wa injini pawokha, ukonde ngati ulipo nawonso pawokha, chifukwa mukaphatikiza zonse ogula amachotsera pa kukalamba kwa boti nkutengerapo injini motchipa. Funsani kaye mtengo wa injini yatsopano kusitolo sabata yomweyo yomwe mukugulitsa, osati wa chaka chatha, komanso mufunse amisiri okhoma maboti, kaya ku Mpwepwe kaya a pagombe panu pomwepo, kuti latsopano la saizi imeneyo akukhoma pa zingati. Lanu silingapose pamenepo, liyenera kutsikako ndithu.

Za kudikira, zimatengera nyengo. Nthawi ya mwera, cha mu June mpaka August, asodzi salowa m'madzi kawirikawiri ndipo m'thumba mumakhala mouma, ogula amanenelera kwambiri. Mwera ukatha usipa ukayamba kugwidwa mpomwe anthu amakhala ndi ndalama. Koma osalisiya pamchenga padzuwa miyezi yambirimbiri, matabwa amauma nkutsegula mipata, mudzayambanso kumata.

Pali anthu ena omwe angalipireko maonekedwe, eni malo ogona alendo ndi anyamata oyendetsa alendo ku Chembe kupita nawo ku chilumba cha Thumbi kukaona nkhwazi. Kayeseni kumeneko musanavomere mtengo wa pagombe, ndi pafupi ndi kwanu.

Chinanso, ichi ndi chuma cha masiye. Amayi ndi abale anu avomereze kaye, ndipo tsiku logulitsa mulemberane pamaso pa amfumu kapena a komiti ya pagombe ya BVC, nambala ya injini ilembedwe papepalapo.