Mabatire, mankhwala a m'dimba ndi kubereka kwa abambo

Bambo wina wa ku Chibavi mumzinda wa Mzuzu watilembera imelo. Atha zaka zitatu pabanja popanda mphatso, ndipo mayi akunyumba atayezedwa sanapezeke ndi vuto. Iwo amakonza mabatire a galimoto ku Luwinga, nyengo ya dimba amapopera tomato. Akufunsa ngati ntchito ziwirizi zingawalepheretse kubereka.

Bambo, n'zotheka ndithu. Mbewu ya abambo imapangidwa m'timachubu ta m'machende, ndipo imatenga masiku pafupifupi 74 kuti ikhwime. M'machendemo muli maselo a Sertoli, omwe amadyetsa ndi kutchinga mbewu ikamakula, ndi maselo a Leydig, omwe amapanga testosterone, mahomoni a mphamvu zachimuna. Poizoni akafika m'magazi amafooketsa maselo awiriwa, komanso amawononga khungu ndi DNA ya mbewuyo. Zotsatira zake, mbewu imachepa, imayenda mwaulesi kapena imapunduka. Kuchipinda mphamvu zikhoza kukhala zilipo bwinobwino, n'chifukwa chake abambo ambiri amakana kuti vuto lili kwa iwo. Mu 1977, amuna ogwira ntchito pafakitale ina ku California m'dziko la America anapezeka kuti ambiri sakubereka chifukwa cha mankhwala ophera tizilombo ta m'nthaka otchedwa DBCP. Ena anachira atasiya ntchitoyo, koma mwa amene mbewu inatheratu ambiri sanachire, poti maselo oyambitsa mbewu anali atafa.

Pa ntchito zanu ziwirizi, ife tikuopa kwambiri mtovu wa m'mabatire. Umalowa ndi utsi mukamausungunula, ndiponso ndi fumbi la m'manja mukamadya mandazi kapena kusuta musanasambe ndi sopo. Kuipa kwake, mtovu umakhazikika m'mafupa kwa zaka zambiri n'kumabwerera m'magazi pang'onopang'ono. Sungunulirani panja mphepo ikuchokera kumsana, musadyere pogwirira ntchito, ndipo ovololo isalowe m'nyumba, chifukwa fumbi lomwelo limawononga ubongo wa ana.

Mankhwala a tomato monga dimethoate amalowera kwambiri pakhungu, makamaka posakaniza asanasungunuke m'madzi. Khungu la pamachende ndi lopyapyala, limamwa mankhwala kuposa la pamkono kangapo konse. Ndiye taganizirani sipuleya yodontha kumsana: madzi amatsetsereka mpaka m'thalauza, munthu n'kukhala nawo tsiku lonse. Konzani chivindikiro ndi paipi musanayambe, valani magolovesi a labala ndi gambutsi, poperani m'mawa kulibe mphepo, mukatero vulani ndi kusamba nthawi yomweyo. Mpango wa pamphuno ukanyowa ndi mankhwala sutchinga kanthu. Zokolezera mbaula ndi majumbo nazo zisiyeni, ndipo ngati mumasuta dziwani kuti utsi wa fodya uli ndi poizoni wotchedwa cadmium, yemwenso amawononga machende.

Koma musanatsimikize kuti ndi batire, kayezetseni umuna. Ku Mzuzu Central Hospital akuuzani koyezera. Khalani masiku awiri mpaka asanu ndi awiri osagonana. Umuna wonse ulowe m'kabotolo kamene akupatseni, osati m'kondomu, poti mafuta ake amapha mbewu. Ufike ku labu ola lisanathe, muli nawo m'thumba la malaya kuti usazizire ndi chisanu cha kuno. Muyezo wa 2021 wa bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO umayambira pa mbewu 16 miliyoni pa mililita imodzi. Zikatuluka zotsika musataye mtima, ngakhale kutentha thupi kwa malungo kumatsitsa chiwerengerochi kwa milungu ingapo. Bwerezani pakatha miyezi itatu mukudziteteza.

Dokotala aonenso zina: kutupa kwa mitsempha ya m'machende, chinzonono chakale chomwe chimatseka njira, ndi likodzo ngati mumasamba kunyanja ku Nkhata Bay. Gondolosi sangachotse mtovu m'thupi. Jakisoni wa testosterone ndiye musayerekeze n'komwe: amauza ubongo kuti machende apume, mbewu n'kutheratu.