Buluzi sadula mbande, bambo

Bambo wina wa ku Bvumbwe wafunsa kuti: "Alangizi, m'mawa uliwonse ndikumapeza mbande zanga za matimati zitadulidwa m'tsinde pa nazale. Pamalopo pachuluka abuluzi. Ndinatentha udzu ndi mapesi momwe amabisalamo, ndapoperapo Cypermethrin kawiri, ana aphako ena ndi malegeni, koma sizikusintha. Alipo mankhwala opha abuluzi?"

Bambo, tisanafike kwa buluziyo tiyambe ndi moto mwayatsawu. Mwatentha mapesi? Zaka zonsezi takhala tikunena pa minda yachitsanzo kuti kuno kotsetsereka nthaka yosaphimbira imatsika ndi mvula yoyamba. Amene anaona zimene namondwe wa Freddy anachita m'minda ya ku Thyolo ndi ku Mulanje mu Malichi 2023 safunika kuuzidwa kawiri. Mapesi amenewo anali manyowa anu a chaka chamawa. Kupopera kawiriko, tikawerengera botolo ndi kubwereka sipuleya, mwina K20,000 yapita, koma wopalamula simunamuone n'komwe.

Buluzi sadya matimati. Uja wosalala thupi, wa mizere iwiri yotuwa kumsana, amene amawothera dzuwa pa njerwa ndi pa miyala, chakudya chake ndi tizilombo: chiswe, ziwala zazing'ono, mbozi, tikafadala, akangaude, ndipo ngumbi zikatuluka amadya mpaka mimba kuti nde. Mano ake ndi ogwirira kachilombo, si odulira tsinde. Komanso taganizani nthawi yake. Buluzi thupi lake limadalira dzuwa, ndiye kukada amalowa pansi pa mwala n'kugona, ndipo m'nyengo ya chiperoni amachedwa kutuluka. Mbande zanu zikudulidwa usiku. Iye mukum'peza pamenepo chifukwa watsata chakudya.

Dimba lanu sindinaliwone, koma ndikunenetsa kuti ndi mbozi zodula mbande, zija zotuwa zimene zimadzipinda ngati khoza mukazikhudza. Ngati si zimenezo ndi nkhululu, ndipo muona una wokhala ndi kamulu ka dothi pafupi. Mawa m'mamawa fukulani ndi chala m'mbali mwa mbande yodulidwayo, osapitirira kutalika kwa chala chomwecho. Muipeza itagona. Ndi chifukwa chake mankhwala opopera masana sanaigwire: inali pansi pa dothi, pamene amene anakumana nawo ndi njuchi ndi tizilombo todyedwa ndi abuluzi aja.

Ine njira yanga ndi imodzimodzi chaka chilichonse, tochi ndi phulusa. Tulukani cha m'ma 8 koloko usiku ndi tochi ya pafoni, tolani mbozizo muponyere nkhuku kukacha. Chitani masiku anayi kapena asanu motsatizana, n'kuwaza phulusa la nkhuni mozungulira mbande. Chaka china ku Masambanjati gulu la amayi linapulumutsa nazale ya kabichi ndi njira yomweyi, ngakhale poyamba ankandiseka kuti mlangizi wayamba kutamba. Ulendo wina palirani malowo kutatsala milungu iwiri kuti mufese, chifukwa agulugufe ake amaikira mazira m'tchire.

Abuluziwo abwezereni pokhala. Unjikani miyala m'ngodya za dimba, siyani mzere wa vetiva pa akalozera, phimbirani koma udzu usagunde tsinde la mbewu. Buluzi wa mizereyu saikira mazira, amabereka ana amoyo, ndiye akapeza pobisala sachedwa kuchulukanso. Ndisakunamizeni kuti athetsa zonse. Ntchemberezandonda ikalowa mu mtima wa chimanga iye saifikira. Amangochepetsa, koma salipitsa ganyu. Anawo auzeni aleke malegeni. Mchira umene umaduka n'kumaphiriphitha suluma ndipo ulibe ululu, ndi njira yake yopusitsira kabawi kapena mphaka, pambuyo pake umameranso.

Mayi wina wa ku Muloza akuti mazira ndi anapiye zikusowa m'khola, ndipo waika mankhwala a makoswe m'dzira kuti aphe "chibuluzi chachikulu" chimene anachiona.

Mayi, chotsani dziralo lero lomwe. Pakhomo pali ana, pali agalu, ndipo nkhuku zanu zomwezo zijompha. Chimene munaonacho ndi ng'azi, poti muli pafupi ndi mtsinje. Imeneyo mazira imadyadi, sindiikira kumbuyo, ngakhale chakudya chake chambiri ndi nkhanu, nkhono ndi achule. Koma musalowetsemo agulo a mutu wobiriwira, analimata a pakhoma ndi abilimankhwe, onsewo ndi odya tizilombo ndipo alibe ululu. Kwanuko ndiye muzinyadira, chifukwa m'nkhalango za phiri la Mulanje, ngati ku chigwa cha Ruo, muli nadzikambe wina wosowa kwambiri amene akatswiri anamutcha Nadzikambia mlanjensis, dzina lochokera ku Chichewa chathu chomwechi.

Vuto ndi khola lanu, ndikuganiza kuti ndi lapansi. Mangani lam'mwamba, miyendo yake ifike m'chiuno, muikulunge ndi zidutswa za malata akale kuti chokwera chiziterereka. Tsekani mipata ndi nsungwi zothithikana kapena waya wa nkhuku, dulani tchire la pakati pa khola ndi mtsinje, ndipo mazira muzitola kawiri pa tsiku. Anapiye akhale m'chitete mpaka atakwana mwezi.