Kazitape, mzondi kapena kapirikoni?

Mayi wina wa ku Area 25 ku Lilongwe walemba motere: "Ndangomaliza buku la Chingerezi limene landigoneka mochedwa sabata yathunthu. Mnyamata ndi mtsikana, onse otumidwa ndi boma, alowa m'gulu la ozembetsa mfuti pogwiritsa ntchito mayina abodza, kenako akondana, wina osadziwa kuti mnzakeyo ndi ndani kwenikweni. Pofotokozera mchemwali wanga ndinangoti ndi 'ma andakava', chifukwa kunena kuti akazitape ndinaona ngati ndikunyoza anthu amene ndawakonda chonchi. Kodi mawu oyenera ndi ati? Nanga chimene Angerezi amati suspense tingachitchule bwanji?"

Mayi, funso lanu landikondweretsa, ndipo yankho ndi lomwelo mukulithawalo. Anthu anuwo ndi akazitape. "Ma andakava" asiyeni, akukwanira ondilasa m'makutu pa wailesi tsiku ndi tsiku.

Tawathyolani mawuwa muone kukoma kwake: ka-zi-tape. Ndi lamulo limeneli, chiganizo chathunthu: pita ukazitape. Mneni wake ndi kutapa, monga mmene mumatapira ufa m'thumba kapena mchere m'chigubu. Wotapa satenga zonse ayi. Amapisa dzanja, n'kutengako pang'ono, mwini wake osazindikira kuti mwachepa. Nanga "zi" akuimira chiyani? Nkhani, zinsinsi, zokamba za eni. Ndiye kazitape ndi munthu amene dzina lake ndi mawu omwe anamuuza womutuma. Ndinamvapo mnyamata wina wophunzira ndithu akulimbikira kuti mawuwa anachokera ku tepi, kuti poti akazitape amajambula mawu. Ayi ndithu. Agogo anga aakazi, amene sanagwirepo tepi moyo wawo wonse, ankati akaona kamwana kataima pakhomo la khitchini akuluakulu akukamba zawo, amvekere: "Choka apo, kazitape iwe!" Kapangidwe komweka mukapeza pa kadziwotche, kagulugufe kaja kamene kamazungulira nyali usiku mpaka kupsa mapiko: pita ukadziwotche. Ndipo kwa ine mnyamata wa m'buku lanuyo ndi zonse ziwiri, kazitape pantchito, kadziwotche pachikondi.

Chenjezo limodzi: "ka" ameneyu si wochepetsa uja wa kamwana ndi tiana. Timati kazitape wabwera, akazitape abwera, ntchito yawo ndi ukazitape. Ndaonapo pa Facebook wina atalemba "makazitape", mtima wanga unawawa.

Komabe kudodoma kwanu ndikukumvetsa. Ife amene tinakula chaka cha 1994 chisanafike timakumbuka mmene bambo ankatsitsira mawu m'basi, kapena kusintha nkhani mlendo akakhala pafupi pa mowa. Nthawi imeneyo kazitape sanali wa m'buku, ankatha kukhala woyandikana naye nyumba. Fungo limenelo silinachoke pa mawuwa, n'chifukwa chake lilime lanu linakana.

Ngati mukufuna mawu opanda fungolo, alipo: mzondi, ambiri azondi, kuchokera ku kuzonda. Owerenga Baibulo amawadziwa. Mose anatuma amuna 12 kukazonda dziko la Kanani, ndipo Rahabi anabisa awiri aja a Yoswa pa denga la nyumba yake ku Yeriko. Mawu aulemu, akale, olemera. Vuto lake n'lakuti masiku ano tikati tikukazonda, aliyense amaganiza za kuchipatala, phala lili m'chikontena. Ndipo mchemwali wanu akakhala kuti anakulira ku Lusaka, musayerekeze n'komwe, pakuti m'Chinyanja cha kumeneko kuzonda munthu ndi kudana naye. Mudzati azondi awiri anakondana, iye n'kumva za anthu odana. Komanso mzondi amapita, n'kuona, n'kubwerera. Sakhala miyezi akudya mbale imodzi ndi adani monga anthu anuwo.

Amene ndikukuletsani kwamtuwagalu ndi kapirikoni. Awa ndi mawu obwereka, ndipo ali ndi mbiri yawo. Mu 1949 David Stirling, msilikali wa ku Britain, anayambitsa bungwe lotchedwa Capricorn Africa Society, limene mu 1956 linachititsa msonkhano waukulu ku Salima konkuno. Inali nthawi ya Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, chimene chinakhala kuyambira 1953 mpaka 1963, ndipo Amalawi ambiri ankachikana. Munthu wakuda woyenda ndi bungwelo ankaonedwa ngati wogulitsa anzake kwa atsamunda, mpaka dzinalo linasanduka chitonzo. Kapirikoni ndi wa kwanu amene wakupereka. Kazitape angathe kukhala ngwazi kwa omutuma, koma kapirikoni alibe womutamanda.

Tsono pali chinthu chimene mawu oti kazitape paokha sanena, ndipo ndicho mtima wa buku lanu: kuti munthuyo wavala dzina la eni, mbiri yabodza, ngakhale kaseka kachilendo. Apa Chingerezi chimafuna dzina, koma Chichewa chimakonda mneni, ndipo mneni wake tili naye wokongola kwambiri: kudzizimbaitsa. Kuzimbaitsa n'kuphimba chinthu kuti chioneke china, monga mmene akuluakulu amazimbaitsira mawu pamaso pa ana, kunena kuti uje watsikira kulichete m'malo motchula imfa. Munthu akadzizimbaitsa, aliyense akumuona, akumupatsa moni, koma palibe akumudziwa. Kubisala n'kwina. Wobisala ali kuseri kwa chitseko, wodzizimbaitsa wakhala pa mpando pakati pa bwalo. Mneni ameneyu akutha m'kamwa mwa achinyamata, ndipo zimandipweteka, chifukwa tikum'taya n'kutola "andakava" amene sauza mchemwali wanu kanthu.

Za suspense sindichedwapo. Musasake dzina limodzi, nenani chimene thupi likuchita. Mtima uli m'mwamba. Mtima uli phaphapha. Mpweya waubanira. Mmene mtsikanayo watsegula chikwama cha mnyamata n'kupeza chiphaso cha dzina lina, mtima wanu unangoti myuu, si choncho? Chichewa chake n'chimenecho.

Mchemwali wanu mukamuuze kuti mwawerenga nkhani yachikondi yokhalitsa mtima m'mwamba, ya akazitape awiri amene anadzizimbaitsa pakati pa zigawenga mpaka kukondana osadziwana. Akafunsa kuti zinatha bwanji, mubwerekeni bukulo.