"By Friday" si Lolemba, achemwali

Achemwali, musamvere amene akuyankhani pamwambapa kuti poti chidziwitso chalemba "by Friday", mwana wanu akhoza kukapereka kalata yake yofunsira ntchito Lolemba, Lachisanulo litadutsa. Akunamizani. Ndipo izi ndi zomwe zimandipsetsa mtima m'gulu muno, munthu kuthamangira kuyankha chinthu choti sakuchidziwa, mawa mwana wa eni n'kutayirapo ntchito. "By Friday" ndiye kuti pofika Lachisanu kalatayo ikhale ili m'manja mwawo. Lachisanulo lili momwemo, koma ndilo tsiku lomaliza. Akanalemba "before Friday" bwenzi tsiku lomaliza lili Lachinayi. "Not later than Friday" ndi "on or before Friday" n'chimodzimodzi ndi "by". Muonenso ngati pali mawu oti "should reach". Akakhalapo, sawerenga tsiku limene mwaponya kalata ku positi ofesi, amawerenga tsiku limene yafika pa tebulo pawo.

Chimatipusitsa ife ndi "mpaka" wathuyu. Timangoti mpaka Lachisanu, basi zatha. Chingerezi chidapagawa pawiri. "Until" ndi wa chinthu chopitirira, ngati "the office is open until 4:30", kutanthauza kuti chitseko chikhala chotsegula kufikira nthawi imeneyo. "By" ndi wa chinthu chochita kamodzi, kupereka kalata, kulipira fizi, kubweza ngongole. Ndiye "until" yemweyo ali ndi msampha wake. "Closed until Monday" ndiye kuti Lolembalo atsegula. "Valid until 30 June" nthawi zambiri ndiye kuti pa 30 pomwepo chikalatacho chikugwirabe ntchito, pa 1 July chafa.

Taonani mmene zimakhalira. Mnyamata wawerenga "by Friday, 12 p.m." ndipo mumtima mwake akuti p.m. ndi usiku, tsiku lonse ndi lake. Wadzuka bwinobwino, wasita malaya, satifiketi ya MSCE waichititsa fotokope, zonse zili mu envelopu ya khaki yolembedwa adiresi ndi cholembera chobwereka. Wakwera minibasi pa Lizulu cha m'ma 10 koloko. Minibasi sinyamuka isanadzaze, kondakitala akulimbana ndi matumba a kachewere ndi kabichi, kenaka kuima pa Mlangeni, kuimanso pa Biriwiri. Akufika pa Boma la Ntcheu 1 koloko itadutsa, envelopu yanyowa ndi thukuta m'mphepete momwe amagwira. Pageti mlonda akungomuloza ndi mlomo kuti bokosi la makalata alowetsa kale, abwana apita. Mnyamata akutulutsa foni kuonetsa chidziwitso, chala chikunjenjemera pa "p.m." pamenepo, mlonda akuti ine za Chingerezi sindidziwa, andiuza kuti nditseke 12 koloko. Ndalama ya thiransipoti inali yobwereka kwa amalume. Abwerera nayo envelopu ija osaitsegula, ndipo kunyumba akamufunsa angoti adatseka msanga.

Sadatseke msanga. 12 p.m. ndi 12 koloko masana, dzuwa lili paliwombo. 12 a.m. ndiye pakati pa usiku. Zilembo zimenezi zidachokera ku Chilatini, a.m. ndi "ante meridiem", dzuwa lisanafike paliwombo, p.m. ndi "post meridiem", litapendeka. Ndiye 12 yeniyeniyo siigwa mbali iliyonse, n'chifukwa chake anthu ozindikira amalemba "12 noon" kapena "12 midnight". Apa mlandu ndimauika pa olemba zidziwitso m'maofesimu. Munthu wakhala pa kompyuta, akudziwa kuti owerenga ambiri ndi ana a kumudzi, koma kuwonjezera kamawu kamodzi koti "noon" kamulemera. Ena amangolemba "COB", ngati aliyense adabadwira mu ofesi. Ndi "close of business", nthawi yoweruka, ndipo maofesi ena Lachisanu amaweruka masana, ndiye COB wa Lachisanu musamuyese 5 koloko. Mukakadandaula amakuyang'anani ngati ndinu mbuli, chonsecho ena a iwo mutawafunsa kusiyana kwa "by" ndi "until" angayambe kukanda m'mutu.

Poti mwana wanu akaitanidwa ku intavyu, tengeranitu izi. "On time" ndi kufika pa nthawi yeniyeni imene anena. "In time" ndi kufika nthawi ikadalipo, zinthu zisanayambe. Akalemba "8:30 sharp" sakuseka, 8:35 mwachedwa. "Half past eight" ndi 8:30, ndipo mzungu wa ku Britain akati "half eight" akunenabe 8:30 yomweyo. "Quarter to nine" ndi 8:45, osati 9:15. Pamenepa ambiri amagwa chifukwa khutu limangogwira "nine".

Kenaka pali "within". "Within two weeks" ndiye kuti masabata awiri asanathe, ngakhale mawa lomwe mukhoza kupita. "In two weeks" ndiye kuti pakatha masabata awiri. "Fortnight" ndi masiku 14. Koma kawerengedwe ndi komwe kumapweteka. Tinene kuti kalata yalembedwa Lachitatu. Ikati "within 5 days", yambani kuwerenga Lachinayi, Loweruka ndi Lamulungu zili momwemo, mathero ndi Lolemba. Ikati "within 5 working days", Loweruka ndi Lamulungu mudumphe, mathero ndi Lachitatu linalo. Pakati pake pakagwa holide, monga 14 May kapena 6 July, nalonso mulidumphe. Ndipo akati "from the date of this letter" masiku adayamba kuyenda pa deti lili pamwamba pa kalatayo, ngakhale inu mwailandira itagona sabata yathunthu kwa amfumu kapena kusukulu kumene mumalandirira makalata.

"Next Friday" ndiye musamukhulupirire n'komwe. Munthu akanena Lolemba, wina amamva Lachisanu likubwerali, wina amamva la sabata yamawa, ndipo eni chiyankhulo omwe amakangana pa zimenezi. Muwauze akupatseni deti. Detilo nalonso muliyang'ane kawiri ngati fomu ili pa intaneti. Kuno timayamba ndi tsiku, 04/05 ndi 4 May. Ku America amayamba ndi mwezi, 04/05 yemweyo ndi 5 April, mwezi wathunthu mwaluza. Akalemba GMT, yomwe ndi nthawi yowerengera ku Greenwich ku England, wonjezerani maola awiri, 5 p.m. GMT kuno ndi 7 koloko madzulo. Ndi Johannesburg nthawi yathu ndi imodzi, kungoti kumeneko munthu akati "just now" musaime chilili kumudikira, akhoza kubwera pakatha maola.

M'kalata mwenimwenimo mwanayo asalembe "I have been working since three years". "Since" amatsatana ndi poyambira, "since 2021", "since January". "For" amatsatana ndi kutalika kwa nthawi, "for three years". "Three years ago" ndi chinthu chidachitika n'kutha, ndiye amati "I finished school three years ago", osati "I have finished". Ola limatenga "at", tsiku limatenga "on", mwezi ndi chaka zimatenga "in": "at 8:30", "on Monday", "in March". "Today morning" timaimva paliponse koma yolondola ndi "this morning", ndipo usiku wathawu ndi "last night". Mkuja ndi "the day after tomorrow", dzana ndi "the day before yesterday". Aphunzitsi amazichonga ndi inki yofiira kuyambira Fomu 1, koma ndi zomwezi zimabwereranso m'makalata a anthu a madigiri.

Tsono ngakhale ndanena kuti Lachisanu ndi lololedwa, musamutumize Lachisanu. Apite Lachitatu, akachedwetsetsa Lachinayi m'mawa, ngati kuti adalemba "before". Safunsa adadya phula, ndiye aimbe foni ku ofesiko afunse ola lotsekera, ngakhale woyankhayo akhoza kumuuza zosiyana ndi zili papepala, ndipo zikasiyana atsate nthawi imene ikufika msanga pa ziwirizo. Atenge makope awiri a kalatayo. Imodzi asiye, inayo apemphe wolandira aidinde chidindo cha deti n'kusainira, abwere nayo kunyumba. Akakana kudinda, alembe yekha kuseri kwa kopeyo tsiku, ola ndi udindo wa amene walandira, asanatuluke pageti.