Mwana akabwera yunifolomu ili matope okhaokha

Mayi wina wa ku Ntcheu watilembera kuti: "Mwana wanga ali Sitandade 6. Kawiri pa sabata aphunzitsi amawatengera kudimba la sukulu, pobwera yunifolomu imakhala matope okhaokha. Ine ndinamutumiza kusukulu kuti akaphunzire, khasu tili nalo kunyumba. Kodi ndikadandaule kwa ahedi?"

Mayi, musanapite kwa ahedi, madzulo ano mufunseni mwanayo kuti kudimbako anayeza chiyani, ndipo analemba chiyani m'kope. Yankho lake ndi limene likuuzeni ngati kumeneko kuli phunziro kapena ganyu.

Ulimi ndi phunziro la m'kalasi ngati masamu, ndipo mafunso ake amabwera pa mayeso a MANEB a Sitandade 8. Koma mwana amene wangoloweza pa bolodi kuti chimanga chimabzalidwa pa mizere yotalikirana masentimita 75, mapando masentimita 25, mbewu imodzi pa phando, monga alangizi amanenera pa njira ya Sasakawa, amaiwala mayeso akangodutsa. Amene anadula yekha kamtengo ka masentimita 25 n'kumayezera phando ndi phando saiwala. Mukamufunsa kuti mzere wa mamita 10 ulowa mapando angati, amayamba kugawa manambala osadziwa n'komwe kuti akuchita masamu.

Chinanso chimene ndimachikonda n'kuyesa mbewu. Ana amawerenga njere 100 za chimanga, amaziyala pa thumba lonyowa, amathirira tsiku ndi tsiku, sabata ikatha n'kuwerenga zimene zamera. Zikamera 80, ndiye 80 peresenti imeneyo. Ndaonapo ana amene maperesenti ankawazunguza mutu chaka chonse akuwamvetsa tsiku limodzi atanjuta pa thumba lotere, akukangana ngati njere yongotulutsa kamuzu iwerengedwe kapena ayi. Aphunzitsi athu amaphunzira zimenezi ku makoleji, amazitcha TALULAR, kutanthauza kuphunzitsa pogwiritsa ntchito zinthu zopezeka pamalopo: zotsekera mabotolo, timiyala, dongo, mapesi. M'kalasi la ana oposa 100 limene mabuku ndi ogwirizira, dimba ndi bwalo ndiye labotale yawo.

Komabe nkhawa yanu sindikuitaya. Pali aphunzitsi ena amene amabisala kuseri kwa phunziro la ulimi n'kumatuma ana kukapalira munda wawo, kukatunga madzi a kunyumba kwawo kapena kukatola nkhuni. Kumeneko si kuphunzira, n'kudyera ana masuku pamutu. Ngati mwana wanu akunena kuti amangolima basi, palibe choyeza, palibe cholemba, ndipo ndiwo za m'dimbamo sadziwa kumene zimapita, kaonaneni ndi ahedi. Zikapanda kusintha, nkhaniyo itengereni ku komiti ya sukulu kapena ku msonkhano wa makolo ndi aphunzitsi (PTA), ndipo pamwamba pa ahedi pali a PEA, alangizi a sukulu za pulayimale, amene amapezeka ku TDC, likulu la aphunzitsi la zoni yanu.

Koma akakuonetsani kope lokhala ndi masiku obzalira ndi kutalika kwa mmera sabata ndi sabata, musiyeni. Mupatseninso kabedi kake ka mpiru kuseri kwa nyumba, azilemba yekha ndalama ya mbewu ndi imene wapeza akagulitsa. Za matopezo, pemphani aphunzitsi kuti tsiku la kudimba ana azitenga malaya akale m'jumbo, azisintha asanagwire khasu. Sopo wadula, aphunzitsi nawonso akudziwa.