Vuto si singularity ayi, vuto lili pa Cauchy horizon

Achimwene mwafunsa kuti ngati masamu a Einstein a mphamvu yokoka amakanika pa singularity, pomwe malo ndi nthawi zimathera m'masamuwo, ndiye kuti tsogolo silingadziwikiretu kuchokera pa zomwe zilipo lero? Funso ndi labwino koma ine ndikuona ngati mukuopa pomwe palibe zoopsa kwenikweni.

Ambiri amaganiza kuti singularity ndi kadontho kali pakati pa black hole, dera lomwe mphamvu yokoka ndi yaikulu moti ngakhale kuwala sikungatulukemo. Zomwe Roger Penrose anatsimikizira mu 1965, zija zinamupezetsa Nobel mu 2020, ndi zoti nyenyezi ikafinyika kupitirira mlingo wina wake pamakhala njira zomwe kuwala kumangothera panjira osapitirira, basi. Mu black hole yosazungulira, imene Karl Schwarzschild anapeza masamu ake mu 1916, mukangodutsa event horizon, malire omwe mukawadutsa simungabwererenso, singularity siikhala chauko kapena chakuno, imakhala kutsogolo kwanu ngati mawa, ndiye mawa mungalizembe bwanji? Ikakhala yolemera ngati dzuwa, horizon yake ndi makilomita pafupifupi 3 kuchokera pakati ndipo wotchi yanu siikwanitsa ndi masekondi 0.00002 omwe, nkhani yatha. Koma taonani, apa determinism, mfundo yoti zalero zimadziwitsiratu zamtsogolo, ili bwinobwino, chilichonse chinadziwikiratu mpaka pomwe nthawi yathera.

Mutu umauma pa black hole yozungulira, imene Roy Kerr anapeza masamu ake mu 1963, ndipo ma black hole enieniwo amazungulira ndithu. Yvonne Choquet-Bruhat anaonetsa mu 1952 kuti mukapereka mmene zinthu zilili pano, ma equation a Einstein amakupatsani chotsatira chake chimodzi chokha. Koma mkati mwa black hole ya Kerr muli malire ena, Cauchy horizon, pomwe mumafika muli wamoyo, palibe chakuphwanyani, koma kuseri kwake masamu omwewo amalola mayankho ambirimbiri osakuuzani lolondola ndi liti. Apa ndiye pondisowetsa tulo ine.

Penrose anati chilengedwe sichingalole zimenezo, kuwala konse kogwera mkati kumaunjikana pamenepo ndi mphamvu yosaneneka mpaka malirewo kusanduka singularity, ndiyo strong cosmic censorship imeneyo. Koma ndi conjecture chabe, palibe anaitsimikizira. Mu 2017 Mihalis Dafermos ndi Jonathan Luk anaonetsa kuti spacetime, kutanthauza malo ndi nthawi pamodzi, ikhoza kupitirira ndithu pa Cauchy horizon osaduka, ndiye mkangano pano watsala poti kodi imakhala yosalala mokwanira kuti ma equation agwirebe ntchito pamenepo kapena ayi.